Usanapite ku Limbe Loweruka

Khala apa pamkeka, mdzukulu wanga, foniyo uyambe waiika pambali. Amayi ako andiuza kuti Loweruka ukupita ku Limbe kukagula nsalu, komanso kuti makina anga aja a Singer mwawapukuta fumbi ndi kuwaikira lamba watsopano. Mtima wanga wakhala pansi. Makinawo akhala chivundikirire kuyambira pomwe maso angawa anayamba kuphonya bowo la singano, ndipo ndinkaopa kuti tsiku lina adzapita ndi anyamata ogula zitsulo aja. Koma usanatsike ndi ndalama m'manja undimvere kaye, chifukwa zovala zambiri zimawonongekera m'sitolo momwemo, sizasi isanazikhudze n'komwe.

Uchoke pakhomo pano ukudziwa chimene ukasoke. Munthu wolowa m'masitolo a ku Limbe wopanda ganizo amatuluka ndi nsalu yomwe yamukodola, kenaka nsaluyo imagona m'sutikesi zaka zitatu kudikira diresi loti iyenerane nalo. Ndili nazo ziwiri zotere pansi pa bedi, ukafuna ukaone. Choncho Lachisanu madzulo amayi ako akuyeze pachifuwa, m'chiuno, m'matako, kutalika kwa mkono ndi pomwe ukufuna chovalacho chilekezere, ulembe pakapepala. Tepi yoyezera uinyamule m'chikwama, ndipo usachite nayo manyazi.

Tepiyo ili ndi ntchito yake. Ena amagulitsa pa mita, ena pa yadi, ndipo pakamwa zimamveka ngati chinthu chimodzi. Mita ndi masentimita 100, yadi ndi 91. Pa imodzi kusiyanako n'kochepa, koma ukagula zisanu ndi imodzi wataya kupitirira theka la mita, ndiye kuti manja a bulauzi apita. Ufunsenso za mulifupi. Chitenje chimakhala cha masentimita pafupifupi 115, pamene nsalu zambiri za masuti ndi mayunifolomu zimafika 150. Nsalu yopapatiza imaoneka yotchipa pa mita, koma umagula mamita ambiri, ndipo pomaliza upeza kuti yotakata ija ndiyo ikanakusungira ndalama ya minibasi.

Tsono pa nsalu penipenipo ndiye ndichedwepo. Maso okha asakugulire, akugulire manja. Chitenje chatsopano chimabwera chitathiridwa sitachi, chouma gwa, chonyezimira, cholira tswatswa ukachigwedeza. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Gwira kungsonga, utikite pakati pa zala ngati ukuchapa. Ukaona kaufa koyera kakutsalira m'zala ndipo pamalopo pafewa ngati sefa, dziwa kuti ukugula sitachi, nsalu yake ndi yochepa. Kenaka upemphe kuti uitulutsire pakhomo pomwe pali dzuwa. Nyali za m'sitolo zimanamiza mtundu, ndipo ukaiyang'anitsa kudzuwa umaona ngati ulusi wake walukana mothithikana kapena watayana. Itembenuze. Chitenje chabwino maluwa ake amaoneka mofanana mbali zonse ziwiri, pamene chongodinda pamwamba kuseri kwake kumakhala kotumbuluka. Sikuti chotumbulukacho n'chosagulika ayi, chimathandiza pa zovala za pakhomo, koma usachilipire mtengo wa chinzake.

Utengenso kampango koyera, ukanyowetse pang'ono ndi madzi a m'botolo, upukute kungsonga kwa nsaluyo wogulitsa akuona. Kakasanduka mtundu, isiye. Ine izi ndinaziphunzira ndi misozi. Pa ukwati wa azakhali ako aakulu ndinagula nsalu yofiira m'sitolo ina, yosokera atsikana operekeza mkwatibwi, madiresi asanu ndi limodzi, makolala oyera. Ndinasoka mausiku anayi pa nyali ya galasi. Tsiku laukwati, potuluka m'tchalitchi, kunagwa kamvula kosakwana ndi mphindi khumi komwe. Pofika ku holo makolala onse anali atasanduka ngati tasambitsira nkhuku yozinga, ndipo mtsikana wina anadetsa nayo velo ya mkwatibwi pomukumbatira. Apongozi anga sanandilankhule mpaka Khirisimasi. Nditabwerera kusitolo kuja anangondilozera chikwangwani chakuti nsalu yodula sibwezedwa.

Udziwenso kusiyanitsa thonje ndi poliyesitala, popeza masiku ano zimafanana nkhope. Ukafinya thonje m'dzanja limatsala ndi makwinya, poliyesitala imabwerera ngati palibe chachitika. Ukafika kunyumba usolole timaulusi tingapo uyatse ndi machesi. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, poliyesitala imasungunuka n'kuuma kampira kakuda. Poliyesitala ili ndi ubwino wake: siichedwa kuuma, siisuluka msanga, ndipo pa yunifolomu ya mwana wa sukulu imapirira. Koma uivale mu Okutobala m'minibasi yodzaza pa Chipembere Highway, udzandikumbuka. Simbi ya makala ikatentha kwambiri imaiboola kamodzi n'kamodzi, ndipo kwa munthu wophika pa mbaula si nsalu yosewera nayo, chifukwa ikagwira moto imamatirira pakhungu.

Ife pa msinkhu wakowu mafunso onsewa tinalibe. Fakitale ya David Whitehead & Sons inatsegulidwa mu 1967 ku Makata, kufupi ndi Ndirande, ndipo thonje lolimidwa ku Chikwawa, ku Balaka ndi ku Salima linkasanduka nsalu mumzinda mommuno. Tinkangoti Whitex, basi aliyense wadziwa chimene ukunena ndi momwe chidzachapikire. Khaki wa ana asukulu, nsalu za Amayi a Mvano, zitenje za nkhope ya Kamuzu zomwe tinkavina nazo pa sitediyamu, zambiri zinkachokera kumeneko. Fakitaleyo inagulitsidwa mu 2003 kwa a Mapeto. Lero pa shelefu imodzi upeza chitenje cholowera ku Songwe kuchokera ku Tanzania, china chodzera ku Mchinji kuchokera ku Zambia, china cha ku China, chilichonse ndi khalidwe lake. Kusankha kwachuluka, ndipo sindikudandaula, maluwa a masiku ano ndi okongola kuposa athu. Kungoti udindo woyesa nsalu wagwera iwe wogula. Za mitengo usandifunse. Popeza katundu wambiriyu ndi wakunja, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonse zinalumpha, ndipo mtengo womwe ndingakuuze ine ungakakuchititse manyazi pamaso pa mwenye.

Maluwa a chitenje nawo amadya nsalu. Ngati ndi ang'onoang'ono obalalika, dula momwe ungafunire. Koma akakhala aakulu, kapena mbalame zoyang'ana mbali imodzi, uwonjezere theka la mita kuti ukathe kuwakumanitsa pamsoko. Ndinaonapo mayi wina kutchalitchi nsomba zakutsogolo zikusambira chokwera, zakumbuyo chotsika, ndipo duwa lalikulu litakhala penipeni pa matako. Tinaimba nyimbo yonse tikuyang'ana pansi. Chitenje cholembedwa mawu uyambe wawerenga. Cha chipani kapena cha mpingo wa eni si chosokera diresi loyendera paliponse.

Usanyoze kaunjika, ngakhale ndi yemweyo anawalanda ntchito atelala ambiri. Kwa munthu wosoka, mulu wa kaunjika ndi sitolo ya nsalu. Anzako akamalimbirana zowakwana, iwe uzifuna zazikulu kwambiri zomwe aliyense akuzikankhira pambali: siketi yaikulu ya thonje labwino imatulutsa diresi la mwana ndi kabudula wake. Nsalu zoyala pabedi ndi makatani ndiye chuma, mamita angapo opanda msoko. Ngakhale malaya ong'ambika, ngati ali ndi mabatani abwino kapena zipi yachitsulo, nthawi zina amatsika mtengo kuposa kugula zipiyo payokha. Ku DAPP nako uzisuzumirako, makamaka masiku omwe atsitsa mitengo.

Patani yako yoyamba ichokerenso komweko. Ndikudziwa kuti m'foni mwakomo mwadzaza zithunzi za masitayilo, koma chithunzi chimangokuonetsa kutsogolo, sichikuuza momwe mkono walowera paphewa. Upeze chovala chimodzi chomwe chimakukhala bwino, uchisomole msoko ndi msoko mosamala ndi lezala, uchisite, uchigoneke pa nyuzipepala kapena pa pepala lakhaki la thumba la simenti, ujambule. Pa chidutswa chilichonse ulembe dzina lake ndi muvi wosonyeza komwe ulusi wa nsalu ukulowera, chifukwa ukadula mopingasa siketi imapotoka ikachapidwa. Mapatani anga a madiresi ndi mabulauzi ali m'chikwama chachikopa chija, utenge. Koma ya buluku la mkazi ndilibe. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi osaphimba maondo, ndipo pomwe linkachotsedwa mu 1993 manja anga anali atazolowera kale zina. Kumeneko udziphunzitsa wekha, mwina udzandiphunzitsenso ine.

Tizinthu ting'onoting'ono ugule pomaliza, nsalu ili kale m'manja. Ulusi uusankhe poumasula pang'ono n'kuugoneka pa nsaluyo, osati kuyerekeza chikulunga chonse. Ukasowa wofanana ndendende, tenga woderapo pang'ono, umabisala bwino kuposa wowala. Uukoke ndi zala. Ukaduka mosavuta kapena uli ndi ubweya, udzakudukira pa makina mpaka udzaganiza kuti makinawo alodzedwa. Singano ya nambala 14 ndiyo ya zitenje, 16 ya jinzi ndi khaki wolimba, 11 ya nsalu zopyapyala. Unene kuti ndi za makina a pakhomo opalasa ndi phazi, zomwe kumutu kwake mbali imodzi n'kophwatalala. Zozungulira mutu wonse ndi za makina akuluakulu amagetsi aja, pa athuwa sizikhala. Zipi uitsegule ndi kuitseka kangapo pomwepo. Lasitiki umukoke uone ngati akubwerera, chifukwa wokhalitsa padzuwa amakhala atafa kale. Ngati diresi ndi lopyapyala usaumire pa layiningi, amayi ako sangakulole kutuluka nalo pageti. Ugulenso kabotolo ka mafuta a makina. Mafuta ophikira asayandikire Singer wanga, amauma n'kumata zitsulo.

Sizasi ndiyo yokha yomwe ndikuti ugule yodula mtengo, kamodzi. Ukabwera nayo uimangirire kansalu kofiira pachogwirira, ndipo ulengeze nyumba yonse kuti wodulira pepala, tsitsi kapena paketi ya sopo adzaona chomwe chinameta nkhanga mpala. Malume ako anadulirapo waya wa galimoto yake yoseweretsa ndi sizasi yanga, lero ndi bambo wa ana anayi koma nkhaniyo sinathe.

Upite m'mawa, masitolo akungotsegula, ogulitsa asanatope. Mwamwayi Loweruka lino si la kumapeto kwa mwezi. Nyengo yoti sukulu zikutsegulira mu Seputembala ndiponso Disembala yense ndi nthawi yoipa kwa wophunzira, anthu amakhala thithithi ndipo palibe amene angakudikire kuti utikite nsalu. Ulowe masitolo atatu kapena anayi usanatulutse ndalama. Upereke moni kaye, ufunse mtengo mwaulemu, ndipo ukanenerera usanyoze katundu wa mwini. Ungoti, "Bwana, ndatsala ndi zakuti, ndithandizeni." Akakana uthokoze n'kutuluka, kawirikawiri amakuitana usanafike pakhonde. Akamayeza uyang'ane manja awo, ena amaikoka nsalu kuti italike pa ndodo yoyezera. Uwapemphe aitambasule yonse uone ngati ilibe bowo, dontho la utoto kapena mzere wosuluka pomwe inapindidwira.

Pamakonde a masitolo omwewo pamakhala atelala ndi makina awo a Butterfly. Amenewo ndiwo amadziwa nsalu ya ku Limbe kuposa eni masitolo, chifukwa ndi iwo amatukwanidwa ikasuluka. Usankhe wachikulire, umupatse moni wa ulemu, umuonetse kapepala kako ka miyezo, umufunse kuti, "Bambo, pa sitayilo iyi ndigule mamita angati?" Safunsa anadya phula. Zidutswa zomwe amataya pansi upemphe kapena ugule ndi kandalama kochepa, n'zophunzirira kuwongola msoko. Ndalama ya minibasi yobwerera uimange payokha pansonga ya chitenje, ndipo chikwama chizikhala kutsogolo ukamadutsa pa depoti.

Ukabwera nayo nsalu, ndikudziwa manja adzakuyabwa. Usaidule tsiku lomwelo. Uinyike m'madzi ozizira payokha, uichape, uiyanike pamthunzi chotembenuza, uisite. Thonje limafupika pa kuchapa koyamba, ndipo kuli bwino lifupike lisanakhale diresi. Sitayilo yakoyo uyambe waiyesa pa nsalu yakale ya pabedi, tione pomwe ikukoka, kenaka ndiye tigwire yatsopanoyo. Kudula tidzadulira limodzi Lolemba pa tebulo la pabalaza, iwe sizasi, ine mapini.

Tsono tatenga chitini cha mabisiketi chili pamwamba pa kabati. Muli mabobini asanu, choko ndi mabatani omwe ndakhala ndikutola kuyambira amayi ako ali kumsana, amenewo usagulenso. Tepi ili momwemoyo yatanuka ndi ukalamba, imanama ndi chala chathunthu, ukagule ina. Ndipo ukapeza popilini woyera wabwino unditengereko mita imodzi, duku langa la Mvano layamba chikasu.