MPOPI WOKONZEDWA UKAMADONTHABE: KODI NTCHITO IMATHA LITI?

Phunziro ili likuchokera kukhitchini. Pa Boma la Ntchisi, ku Dowa ndi ku Mponela, nyumba zina zili ndi mipopi ya madzi a Central Region Water Board, bungwe limene linakhazikitsidwa potsata lamulo la madzi la 1995. M'nyumba zotere mumachitika kanthu koyambanitsa anthu. Mpopi udontha, mwininyumba aitana mmisiri, mmisiri akonza nalandira ndalama zake. Koma usiku womwewo dontho liyambanso. Tsono funso lathu nali: kodi ntchito ija inatha kapena sinathe? Nanga mlandu ngwa yani?

1. Chifukwa chake mpopi umadonthabe

Tisanaweruze munthu, tiyambe tamvetsa chinthucho. M'kati mwa mpopi wamkuwa wopotokola muli kalabala kozungulira. Mukamatseka, kalabalako kamatsika ndi kukanikiza pa kamlomo ka mkuwa pamene madzi amadzera. Kalabala kakatha, madzi apeza njira. Nchifukwa chake mmisiri amathamangira kusintha kalabala, ndipo nthawi zambiri amalondola.

Koma nthawi zina nthenda ili pa kamlomo ka mkuwa kaja. Madzi amene akhala akudontha miyezi yambiri, pamodzi ndi timchenga, amakumba kangalande kakang'ono pamenepo. Ngakhale muike kalabala katsopano, madzi adzadzera m'kangalandemo. Mankhwala ake ndiwo kupala kamlomoko kuti kasalale, kapena kugula mpopi wina. Pena kalabala kamakhala kosayenera msinkhu, makamaka kodula ku tayala lakutha kapena ku patapata. Ndipo ngati madzi akutuluka pansi pa chogwirira, vuto si kalabala konse ayi, koma chotsekera cha pakhosi pa mpopi.

Dziko lathu lamapiri liwonjezerapo lake. Madzi akamatsika kuchokera ku thanki ya pamtunda, mamita 10 alionse amawonjezera mphamvu yonga ya kilogalamu imodzi pa kamalo ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Kotero nyumba za kumunsi zimalandira madzi amphamvu koposa, ndipo usiku, pamene otunga achepa, mphamvuyo imakwera. Mpopi umene unaoneka wochira masana, mmisiri ali pomwepo, ukhoza kudontha pakati pa usiku.

2. Njira ziwiri zothawira

Dontho likabwerera, ambiri amamanga mpopi ndi mphamvu zonse. Kuteroko kumaphwanya kalabala katsopano ndi kudya mazinga a m'kati, ndipo mawa adzafunika kumanga koposa lero. Mphamvu siichiza chimene maso sanachione.

Ena amaika ndowa pansi naiwala. Tiyeni tiwerenge monga m'kalasi. Ngati kapu ya mamililita 250 idzaza pa ola limodzi, pa tsiku ndi malita 6, ndipo pa masiku 30 ndi malita 180, ndiko kuti ndowa 9 za malita 20. Mita ikawerenga madziwo, bilu siidziwa kuti anangodontha. Kumbukiraninso mayi wa kumudzi amene amasenza ndowa imodzi yotere kuchokera ku mjigo kukwera nayo chitunda. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

3. Mangawa a mmisiri ndi a mwininyumba

Mwininyumba sanagule kalabala. Anagula kuleka kwa dontho. Choncho ntchito siithera pa kulandira ndalama, koma pamene chimene anatiitanira chachitika. Mmisiri amene amva kuti mpopi ukudonthabe nayamba kuzemba, kapena nanena kuti “zanga ndinathana nazo,” wadya ndalama ya ntchito yosatha.

Koma wina adzati: “Kodi si nkhanza kumubweza munthu wosauka kuti agwire ulere, pamene iye anachita zonse moona mtima, ndipo kangalande kaja kanali kobisika?” Funsoli nlolemera, tisalipeputse. Mmisiri sanakumbe kangalandeko, ndipo sayenera kugula mpopi watsopano ndi ndalama za m'thumba mwake. Komabe pali zinthu zitatu zimene ali nazo mangawa. Choyamba, kuyang'ana bwino asanatseke. Kupisa chala ndi kukhudza kamlomoko sikutenga mphindi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Chachiwiri, kunena zoona ntchito isanayambe: “Bambo, ndiika kalabala, koma mpopi wanuwu watha, mwina sugwira.” Chachitatu, kubweranso akamuitana, osachita manyazi. Kulephera koyamba si chinyengo. Chinyengo chimayamba pamene munthu abisa chimene waona, kapena akana kukaonanso.

Mwininyumba nayenso ali ndi mangawa ake. Ngati anauzidwa kuti mpopi watha, iye nakana kugula wina pofuna zotsika mtengo, asaipitse dzina la mmisiri pamsika. Ngati ana ake amamanga mpopi ngati akumanga mbuzi, awaphunzitse kutseka mofatsa. Ndipo ngati ntchito yachiwiri ili yatsopano ndithu, ailipire.

4. Pophunzitsa ana

Ana amafulumira kunena kuti “ndatha.” Asesa pakati pa bwalo nasiya m'mbali, atsuka mbale m'kati nasiya kunja. Athandizeni kufunsa funso lina: “Kodi chimene anandituma chachitika?” Ngati mungathe, bwerani ndi mpopi wakale, muumasule pamaso pao, aone kalabala ndi kamlomo, akhudze okha.

Inunso, aphunzitsi, mumakonza. Mwana amene munamulangiza sabata yatha akabwereza cholakwa chomwecho, musafulumire kuwonjeza ukali. Bwererani mukaone pamene madzi akudzera: kapena ndi njala, kapena mantha, kapena zovuta za kunyumba. Safunsa anadya phula.

Mafunso okambirana

(a) Tchulani zifukwa zitatu zimene mpopi ungadonthere utakonzedwa kale.
(b) Kodi mmisiri wolephera asiyana bwanji ndi mmisiri wonyenga?
(c) Mwininyumba anakana kugula mpopi watsopano, ndipo dontho labwerera. Alipire ndani ulendo wachiwiri? Chifukwa ninji?
(d) Ndi ntchito iti ya kwanu imene munati yatha, koma ikudonthabe?