Pemphero la Zidzukulu za Machona mu Bulawayo

Chauta, Namalenga, Inu amene munaumba munthu ndi dothi osatiuza kuti dothilo linali lakuda kapena lofiira, tagwada pamaso panu ife zidzukulu za machona muno mu Bulawayo.

Munawaona agogo athu pochoka ku Dedza, ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, kudzagwira ntchito ya njanji ndi ya ukhukhi. Munawaona ku Makokoba, chitupa chili m'thumba usana ndi usiku. Mpaka 1934 wakuda sankaloledwa kuyenda m'makonde a masitolo a m'tauni. Wake unali msewu wa ngolo ndi fumbi. Bambo waimvi ankaitanidwa kuti boyi ndi kamwana koyamwa chala, iye n'kuvula chipewa kuti ana kunyumba adye. Robert Sambo atayamba kumema antchito m'bungwe la ICU, boma linamupitikitsira kwawo ku Nyasaland mu 1927. Chotiwawa koposa, Ambuye, n'chakuti tsankho linalowa ndi m'nyumba yanu yomwe: mzungu tchalitchi chake, wakuda chake, Baibulo lomwelo. Chotsani mkwiyo umene tinayamwira osaudziwa, kuti mdzukulu wa mzungu, wa mmwenye kapena wa mkaladi tikakumana naye pa City Hall tisamusenzetse mlandu wa agogo ake.

Koma nafenso akuda sitinasungane. Mu Disembala 1929 amphawi okhaokha anaswana ndi zibonga m'lokesheni, kulimbirana ntchito ndi malo. Kuyambira 1983, pamene asilikali a Fifth Brigade ankapha anthu ku Tsholotsho ndi ku Lupane, ambiri a ife tinatseka pakamwa poti ndife obwera. Tikhululukireni. Tikuthokoza chifukwa cha Bishopu Henry Karlen ndi ansembe amene anasonkhanitsa umboni n'kuupereka kwa olamulira. Tonthozani anansi athu Amandebele amene mpaka lero sadziwa pomwe anagona abale awo.

Kumbukiraninso obadwira ku chipatala cha Mpilo, okulira ku Sizinda ndi ku Njube, amene lamulo la 2001 linawasandutsa alendo m'dziko lomwe munakwiriridwa mchombo wawo. Anakanizidwa kuvota, akunyozedwa kuti alibe mudzi, chonsecho ku Malawi sakudziwako n'komwe. Malamulo a 2013 anawabwezera unzika, komabe ena akadali pamzere ku maofesi, opanda chiphaso. Afewetseni mitima amene amakhala kuseri kwa matebulo aja.

Dalitsani mipingo imene mu 2005 inatsekula zitseko zake kwa ogumuliridwa nyumba pa Murambatsvina, osafunsa chinenero. Sungani abale athu Achiyao opemphera ku mzikiti, ndi aja ovina gule wamkulu pa maliro, amene kawirikawiri timawayang'ana cham'mbali. Ana athu akwatirana ndi Amandebele, Mashona ndi Akalanga. Apongozi mbali zonse muwapatse lilime lozizira.

Tapempha m'dzina la Yesu Khristu. Amen.