Mbewu, Nthaka ndi Muyeso wa Mlengi

M'fanizo la wofesa lija, limene tinkalimva m'tchalitchi tili ana, mbewu inali imodzi ndi dzanja lofesa linali limodzi, koma zokolola zinasiyana chifukwa cha nthaka. Ndipo ine, poona ana a ku Mamelodi ndi ku Atteridgeville, mumzinda wa Pretoria kuno ku South Africa, akulawirira kusukulu m'bandakucha, ndakhala ndikudzifunsa ngati Mlengi, amene sayang'ana nkhope ya munthu, amayeza mwana ndi muyeso womwewo umene ife timamuyezera pa mayeso.

Miyala ya m'nthaka ya anawa siinagwe kuchokera kumwamba ayi. Inaikidwa ndi manja a anthu, pamene boma la tsankho linakhazikitsa lamulo la Bantu Education m'chaka cha 1953, Hendrik Verwoerd ali nduna yoyang'anira anthu akuda, kuti mwana wakuda aphunzire zomuyenereza utumiki basi. Lamulolo linafa, miyala ikadalipo. Lero boma limagawa sukulu m'magulu asanu molingana ndi umphawi wa dera, ndipo za m'magulu atatu apansi sizilipiritsa fizi, anawo amalandiranso chakudya. Chimenechi n'chifundo ndithu, tisachinyoze. Komabe kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti mwa ana 100 alionse a Giredi 4 m'dziko muno, 81 satha kuwerenga n'kumva tanthauzo. Akulu anati m'mera mpoyamba. Wofika Giredi 8 ali chotero, masamu amam'peza atagwa kale.

Talingalirani mwana wa Mmalawi wosamalira maluwa ku Waterkloof, amene kunyumba amayankhula Chichewa, pamsewu Sepitori, m'kalasi Chingerezi, ndipo madzulo magetsi akazima amalemba ntchito yake pa kandulo, kope lili pabondo, m'kanyumba ka malata momwe mng'ono wake akulira. Akapeza malikisi ochepa timati ndi ulesi. Koma adziwa ndani ngati ochepawo, monga timakobiri tiwiri ta mkazi wamasiye tija, saposa pamaso pa Mulungu ochuluka a mwana wa ku Pretoria Boys High?

Ena amati zonse n'chifuniro cha Ambuye, mawu opepuka pakamwa pa wokhuta. Bambo a mwanayu satero akapeza nthaka yolimba m'munda wa bwana: amatenga khasu, nazula miyala, nathira manyowa, kotero kuti pofika Okutobala, jakaranda atachita maluwa m'misewu ya mzindawu, kapinga wa bwana amakhala ali biriwiri. Dzuwa likapendeka amasamba m'manja, nakwera tekisi yobwerera ku Mamelodi.