Ngongole ya Dokotala Ili kwa Yani?

Dokotala akamaliza maphunziro a ukatswiri, kaya a maopaleshoni, a matenda a ana kapena a uchembere, amakhala atatha zaka zoposa 10 akuphunzira. Pamenepo amafika pamphambano. Akhoza kukhalabe m'chipatala cha boma, kutsegula chipatala chakechake, kuphunzitsa ndi kuchita kafukufuku, kulowa ntchito ya muofesi m'mabungwe othandiza, kapena kukwera ndege ulendo wa ku Johannesburg kapena ku Manchester. Kodi kusankhaku n'kwa iye yekha, monga momwe wamalonda amasankhira msika, kapena alipo ena amene ali ndi mawu pankhaniyi?

Yankho limene timalimva kawirikawiri n'lakuti boma linamuphunzitsa ndi ndalama za misonkho, choncho abweze. Izi n'zoona, koma ngongole ya ndalama imatha. Munthu akagwira zaka zimene anagwirizana ndi boma, mlandu watha. Ngongole yovuta ndi ina. Udokotala amauphunzira pathupi la munthu mnzawo. Mayi wa ku Ndirande kapena ku Chikwawa amene anagonekedwa pa Queen Elizabeth Central Hospital, ophunzira atamuzinga n'kumamugwira pamimba wina pambuyo pa mnzake, anapereka chinthu chimene boma silingagule. Dzanja limene lero limasoka bala mosanjenjemera linayamba lanjenjemera pa munthu wina, ndipo kawirikawiri munthuyo anali wosauka, pakuti opeza bwino amapita kuzipatala zolipira. Anthu amenewa ndiwo eni ake a ngongoleyi, ngakhale kuti sanasainirane pangano ndi aliyense.

Komabe tisafulumire kuweruza aliyense wochoka. Daniel Sharpe Malekebu anamaliza udokotala ku Meharry Medical College ku America mu 1917, ndipo anadzakhazikika kwawo ku Chiradzulu mu 1926. Hastings Kamuzu Banda anamaliza pasukulu yomweyo mu 1937, naonjezera maphunziro ku Edinburgh, koma tsankho la nthawi ya atsamunda linamutsekera zitseko kwawo, ndipo anachiza anthu ku Britain ndi ku Ghana mpaka mu 1958. Amene amabweza ngongole amafunika kupeza khomo lotsegula. Lero chotseka khomo si tsankho ayi, koma kusowa kwa zipangizo. Katswiri wa maopaleshoni amene alibe magazi oika odwala, mpweya kapena wogonetsa odwala, luso lake limachita dzimbiri iye akuona. Ali ndi ana, ali ndi abale amene anamudikira zaka zonsezi. Boma la Malawi lenilenilo linavomereza kuti kukonda dziko pakokha sikusunga munthu pantchito, pamene mu ndondomeko yapadera imene inayamba mu 2004 linaonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti. Nayonso mfundo imene bungwe la WHO linakhazikitsa mu 2010 yokhudza kulemba ntchito anthu azaumoyo ochokera kumaiko ena ikulangiza maboma ndi olemba ntchito, ndipo siletsa dokotala kusamuka.

Tiyeneranso kuona kuti kuchoka kulipo kwa mitundu iwiri. Wina amawoloka nyanja, wina amangowoloka msewu. Katswiri wa matenda a ana amene wasiya wodi n'kukakhala muofesi ku Lilongwe, masiku ake n'kumathera m'misonkhano, watalikirana ndi odwala mofanana ndi mnzake wa ku Manchester, chikhalirecho palibe amene amamunena. N'kuthekanso kuti wa muofesiyo, akakonza bwino kagawidwe ka katemera, apulumutsa ana ambiri kuposa amene akanawaona m'wodi. Choncho muyeso woyenera suli pa malo amene dokotala akukhala, uli pa chimene chikubwerera kwa anthu amene iye anaphunzirirapo.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Odwala aja anaikiza luso m'manja mwa dokotala, ndipo njira yodalirika yolibwezera ndiyo kuliika m'manja mwa ena. Sukulu ya College of Medicine isanatsegulidwe ku Blantyre mu 1991, Amalawi ankaphunzira udokotala kunja, ndipo ambiri ankakhalira komweko. Sukuluyi, imene kuyambira mu 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, tsopano imaphunzitsanso akatswiri, koma katswiri amasulidwa ndi katswiri mnzake. M'zipatala za m'maboma, maopaleshoni ambiri a amayi oyembekezera amachitidwa ndi makiliniko ofesala, omwenso amafuna wowaongolera. Katswiri mmodzi akachoka asanaphunzitse aliyense, amapita ndi onse amene akanawaphunzitsa.

Dokotala ali ndi ufulu wosankha njira yake, ndipo palibe lamulo limene liyenera kumumangirira pamalo amodzi moyo wake wonse. Koma asanatseke chikwama, kaya akupita kubwalo la ndege kaya kuofesi, ayenera kutha kutchula dzina la amene wamusiyira wodi, ndi kutsimikiza kuti munthuyo wamuphunzitsa mokwanira.