KUIMA NJI PA ZINYENGO ZA SATANA



Pa usiku wa Pasaka, madzi a ubatizo asanakhudze mitu yanu, wansembe adzakufunsani pamaso pa mpingo wonse ngati mukana Satana pamodzi ndi nchito zake zonse. Yankho lake ndi lalifupi, ngakhale mwana angathe kuliloweza tsiku limodzi. Koma Eklezia amakuphunzitsani nthawi yaitali musanafike pa usiku umenewo, cifukwa mau anuwo adzayesedwa. Sadzayesedwa m'kapela muno, ng'oma zili kulira, akristu ali kuimba. Adzayesedwa kunyumba kwanu, pakati pa usiku, mwana atadwala, abale onse ali kukupenyani. Cifukwa cake mverani bwino, tiphunzire kuti mdani wathu ndani, amalowera pati, ndiponso Wotiteteza ndani.

1. Mdani wathu

Satana alipo ndithu. M'caka ca 1972 Papa Paulo VI adakumbutsa akristu kuti mdierekezi si nthano yoopsezera ana, koma mzimu weniweni umene udaipa, ndipo umaipitsanso ena. Komabe Satana si mulungu waciwiri. Aepiskopi atasonkhana ku Roma, pa Msonkhano wa ku Laterano, m'caka ca 1215, adaphunzitsa kuti Mulungu adamlenga ali wabwino, ndipo iye adaipa mwa kufuna kwake. Tsono ndi colengedwa cabe. Sangathe kulenga ngakhale njere imodzi ya cimanga. Sangathe kukakamiza mtima wa munthu kuti uvomere coipa. M'buku la Yobe tiwerenga kuti sadathe kupitirira malire amene Mulungu adamuikira. Cida cake cacikulu ndi bodza, monga Ambuye Yesu adamuululira mu Mthenga Wabwino wa Yohane, mutu 8.

Pa nkhani imeneyi anthu amasokera njira ziwiri. Ena amati Satana kulibe, nagona osatseka citseko. Ena amamuona paliponse: kadzidzi akalira padenga, njoka ikadutsa pa njira, mvula ikacedwa, iwo ali njenjenje. Onsewa amamkondweretsa, pakuti wogona sadziteteza, ndipo wamantha amagwira ciliconse cimene angampatse.

2. Fisi ndi khola

Inu oweta mbuzi mudziwa makhalidwe a fisi. Fisi sathyola khola lolimba. Amazungulira mu mdima, kununkhiza mtengo ndi mtengo, kufuna umene ciswe cadya m'kati, kapena mbuzi imene yatsalira kunja. Petro Woyera, m'kalata yake yoyamba, mutu 5, adafanizira mdierekezi ndi mkango wosaka nyama, natilangiza kuti tikhale maso ndi kumkaniza ndi cikhulupiriro colimba. Kaya mkango, kaya fisi, macitidwe ake ndi amodzi.

Ciswe codya mitengo ya khola la mtima ndi macimo amene timati ndi aang'ono: cidani cimene tasungira mbale zaka zambiri cifukwa ca malire a munda, kacasu wa tsiku ndi tsiku, maso osirira mkazi wa mwini, misece ya ku citsime, ulesi pa kupemphera. Kunja mtengo uoneka wabwino. Umadziwika tsiku limene fisi wautsamira. Ndiponso Satana sabwera ndi nkhope yoopsa, amabwera ndi zokoma. Kwa Ambuye Yesu m'cipululu, atasala cakudya masiku 40, adabwera ndi nkhani ya mkate, ya ulemu ndi ya ufumu, monga tiwerenga pa Mateyo 4. Makolo athu adanena zoona kuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

3. Usiku wa matenda

Koma khomo lalikulu limene mdaniyu amalowera kuno kwathu ndi mantha. Tiyese kuti usiku uja wafika. Mwana watentha thupi, akana kuyamwa, maso atembenuka. Amalume anu afika, nati: "Matenda awa ndi ocita kutumizidwa. Tiyeni tikaombeze, tidziwe amene wacita zimenezi." Agogo abwera ndi kacithumwa koti amange m'ciuno mwa mwana. Anthu amenewa si adani anu, amkonda mwanayo monga inu nomwe. Koma penyani kumene njirayo ikathera. Woombeza ula sadzakubwezani opanda dzina. Adzachula munthu, kawirikawiri nkhalamba yopanda woilankhulira, kapena mbale amene mudakangana naye kale. Kukaca, banja lagawika, nkhalamba yapirikitsidwa m'mudzi, mbuzi yapita kwa woombeza, ndipo mwana akali cidwalire, nthawi yabwino yothamangira naye ku cipatala itatha. Pamenepo Satana wapindula katatu: wazimitsa cikhulupiriro, wabzala cidani, waika moyo wa mwana pangozi.

Nanga wotsata Kristu acite ciani? Ayankhe akuluakuluwo mwaulemu, osanyoza: "Pepani amalume, ine adandilemba mtanda pamphumi, kwa woombeza sindipita. Ngati mumkonda mwanayu, tithandizeni kumnyamula." Apemphere, atume munthu kwa katekista kapena kwa mkulu wa mpingo, ndipo anyamuke ndi mwana kunka ku cipatala usiku womwewo. Malungo amabwera ndi udzudzu, ndipo mankhwala ake alipo; akaperekedwa msanga amaciza. Nzeru za madokotala ndi mphatso ya Mulungu, monganso masamba ndi mizu yodziwika bwino kuti imaciza. Zimene Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992 aletsa ndi kuombeza, kuvala zithumwa, ndi kuitana mizimu kuti itipatse mphamvu kapena kuti ipweteke anzathu.

4. Zida za mkristu

Kukana kotereku kufuna mphamvu, ndipo mphamvuzo sizicokera mwa ife. Paulo Woyera, ali womangidwa m'ndende, adalembera akristu a ku Efeso za zida zimene Mulungu amatipatsa. Pa mutu 6 wa kalatayo adatenga fanizo pa zovala za msilikali. Lamba ndiye coonadi, pakuti munthu wosanama Satana amasowa pomgwira. Codzitetezera pa cifuwa ndi cilungamo. Nsapato ndi cangu ca kulalika Mthenga wa mtendere. Cisoti ndi cipulumutso. Lupanga ndi Mau a Mulungu, amene Ambuye Yesu mwini adathamangitsa nao mdierekezi m'cipululu muja. Cishango ndi cikhulupiriro. Inu mudaona zishango za cikopa ca ng'ombe pa gule wa ngoma wa Angoni. Mudziwa kuti cishango cimathandiza cili m'manja, osati cili cipacikire m'nyumba. Cikhulupiriro cimene timacitenga Lamulungu lokha ndi cishango copacika.

Zindikiraninso ici: Paulo satiuza kuti tizinka tisaka mdierekezi m'midzi ndi kuloza anzathu cala. Abwereza lamulo limodzi, lakuti tiime nji. Ndipo msilikali saima yekha. Asilikali a Roma ankaima phewa ndi phewa, cishango ca wina cili kuphimba mnzake. Mutu umodzi susenza denga. M'caka ca 1977, pa msonkhano waukulu wa ku Beira, Eklezia wa mu Moçambique adalimbikitsa mipingo yaing'ono ya m'midzi, yotumikiridwa ndi akristu eni ake. M'zaka za nkhondo imene idatha mu 1992, midzi yambiri idakhala nthawi yaitali osaona wansembe, ndipo anthu ambiri adathawira ku Malawi. Makolo anu ndi anga ankasonkhanabe Lamulungu, pena pansi pa mtengo, kumva Mau a Mulungu, kuphunzitsa ana, kuzonda odwala ndi kuika maliro mwacikristu. Khola lija silidagwe. Tsono amene ajomba ku mapemphero a mpingo wa m'mudzi mwake adziwe kuti ndiye mbuzi yotsalira kunja.

Inu akatekumeni simuli kunja kwa kholali. Tsiku limene Eklezia adakulandirani, adakulembani cizindikiro ca mtanda pamphumi. M'nyengo ya masiku 40 yokonzekera Pasaka, imene timati Kwaresima, pa Lamulungu lacitatu, lacinai ndi lacisanu, wansembe adzapempherera amene asankhidwa kuti abatizidwe, kuti Mulungu awamasule ku mphamvu za Woipayo. Mudzadzozedwanso mafuta a akatekumeni, odalitsidwa ndi Ambuye Episkopi, kuti mukhale olimba. Mutabatizidwa, Ulimbitso udzakupatsani mphamvu za Mzimu Woyera, Ukaristia udzakhala cakudya canu, ndipo sakramenti la Kulapa lidzakhala mankhwala a mabala anu.

5. Mtanda si cithumwa

Apa cenjerani, pakuti Satana amadziwanso kubisala m'zinthu zoyera. Alipo anthu amene amavula cithumwa ca sing'anga, navala korona m'khosi ndi mtima womwe uja. Korona saipemphera, Misa sabwera, mbale wao samkhululukira, koma amati mendulo ya Amai Maria idzawateteza ku ufiti, ndipo madzi odalitsidwa amawathira m'munda ngati mankhwala a cimanga. Kuteroko ndi kusintha cithumwa cabe. Mwini cithumwa amati mphamvu ili m'kanthuko, ndipo sicimfunsa za makhalidwe ake. Koma mtanda, korona ndi madzi odalitsidwa zimatilozera kwa Yesu Kristu, amene adagonjetsa Satana pa imfa yake ndi pa kuuka kwake. Madzi odalitsidwa atikumbutsa ubatizo, korona itiphunzitsa kusinkhasinkha za moyo wa Ambuye pamodzi ndi Amai ao. Wotiteteza ndi Kristu mwini, ndipo Iye afuna mtima wonse.

6. Kodi wotetezedwa samwalira?

Wina andifunsa kuti: "Nanga ndikakana kuombeza, mwana n'kumwalirabe?" Sindingakunamizeni, abale anga, zotere zimacitika. Mulungu sadatilonjeze kuti sitidzadwala kapena kulira maliro. Adatilonjeza kuti palibe cimene cingatikwatule m'manja mwake, ngakhale imfa imene. Mwana woperekedwa m'manja mwa Mulungu sadatayike, ndipo inu mudzamlira opanda mlandu wa nkhalamba yosalakwa pa mtima panu.

Kumbukirani amaritiri a ku Uganda. Carlos Lwanga adali mkulu wa anyamata otumikira ku bwalo la mfumu Mwanga ya ku Buganda. Anyamatawo adakana zonyansa zimene mfumu inkafuna, nakananso kusiya cipembedzo. M'mwezi wa Maio 1886, poona kuti imfa yayandikira, Carlos adabatiza akatekumeni ena usiku, mmodzi mwa iwo Kizito, mnyamata wa zaka ngati 14. Pa 3 Junho 1886 adawatentha ndi moto ku Namugongo. Pakati pao padali Mukasa Kiriwawanvu, amene adali asanabatizidwe, katekumeni monga inu. Imfa yake idakhala ubatizo wake. Mu 1964 Papa Paulo VI adalengeza kuti amaritiri 22 a ku Uganda ndi oyera. Kuno kwathu ku Angónia, pa 30 Outubro 1985, ansembe awiri Ajezuiti, Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira, adatengedwa ku Chapotera, pafupi ndi Lifidzi, naphedwa, atakhala ndi akristu ao m'masiku oopsa. Kodi Mulungu adalephera kuwateteza onsewa? Iai. Cimene Satana ankafuna ndi mitima yao, ndipo sadaipeze.

7. Mukagwa, dzukani

Mwina wina mwa inu ali ndi cithumwa pansi pa malaya lero lomwe, kapena adapita kale kukaombeza. Bodza lotsiriza la Satana ndi lakuti: wacimwa kale, Mulungu sakufunanso. Musamvere. Petro adakana Ambuye katatu, nalira, nabwerera, ndipo Ambuye adampatsa nkhosa zao kuti aziwete. Bwerani mudzalankhule ndi katekista kapena ndi Bambo, mutaye cinthuco, mukapepese amene mudamnenera ufiti. Ndipo mtima umene mwasesawo musausiye wopanda kanthu, pakuti pa Luka 11 Ambuye aticenjeza kuti mzimu woipa umabwerera ku nyumba yopanda mwini. Udzazeni ndi mapemphero a m'mawa ndi a madzulo, ndi Mau a Mulungu, ndi nchito zacifundo.

Mafunso oloweza

Kodi Satana ndi wolingana ndi Mulungu?
Iai, Satana ndi colengedwa, Mulungu yekha ndiye Mphambe.

Kodi Satana angatikakamize kucimwa?
Iai, amatinyenga cabe, sangaticimwitse ife tisanavomere.

Mwana akadwala, mkristu acite ciani?
Apemphere, aitane akristu anzake, athamangire naye ku cipatala, osaombeza ndi osanenera munthu ufiti.

Kodi korona ndi madzi odalitsidwa ndi zithumwa?
Iai, zimatikumbutsa Yesu Kristu ndi kutithandiza kupemphera. Wotiteteza ndi Kristu mwini.

Tipemphere

Ambuye Yesu, Mbusa wathu, Inu mudatilemba mtanda wanu pamphumi. Mudziwa kufooka kwathu ndi mantha athu. Usiku wa mayeso ukafika, khalani nafe m'nyumba mwathu, mutseke makutu athu ku mabodza a mdani, mutipatse mau aulemu ndi mtima wolimba. Tisungeni m'khola lanu mpaka tsiku la ubatizo wathu, ndiponso mpaka tsiku la imfa yathu. Amai Maria, Mikaele Woyera mkulu wa angelo, ndi inu amaritiri a ku Uganda, mutipempherere. Amen.