Za Ndarama Yoonjeza pa Mtengo

Tsiku lina tinapatsa anyamata a m'kalasi lalikuru samu iyi: Munthu wadya m'nyumba yogulitsa cakudya ku America, ndipo mtengo wace ndiwo madola 40. Mwambo wa dzikolo uti aonjezepo magawo 15 kapena 20 pa 100 aliwonse, akhale a iye amene anamperekera mbale patebulo. Nanga aonjeze zingati?

Samuyo siinabvuta. Tiyamba kupeza cakhumi, ndico madola 4. Tikaikapo theka lace tapeza 6, ndiwo magawo 15. Tikaciwirikiza tapeza 8, ndiwo magawo 20. Koma mnyamata wina anaimika dzanja, nati, "Aphunzitsi, ngati ndarama iyi iri mphatso, tiiwerengeranji ndi samu? Ndipo ngati iri malipiro, bwanji mwini nyumbayo saipereka yekha?" Funso ili latikhala mumtima kufikira lero, ndipo tifuna kuliyesa pamodzi ndi inu owerenga.

Poyamba tione kuti maiko asiyana pa mwambo umenewu. Ku Japan anthu saonjeza kanthu, pakuti ayesa kuti kutumikira bwino kuli kale m'kati mwa mtengo. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri agwira nchito m'mahotela a ku Johannesburg ndi Cape Town, wakudya azolowera kusiya cakhumi, ndipo wothira petulo ndi wolonda galimoto alandiranso kangacepe. Kwathu kuno pamsika mwambo uli wotembenuka, cifukwa mai wogulitsa ndiye aika tomato mmodzi pamwamba pa mulu kuti wogula adzabwerenso. Cotero palibe muyeso umodzi wa anthu onse, ndipo mlendo wanzeru ayamba wafunsa eni dziko.

Koma ku America mwambowu uli ndi mbiri yotiphunzitsa. Utatha ukapolo m'caka ca 1865, kampani ya Pullman inalemba anthu akuda ambiri, ena a iwo akapolo omasulidwa, kuti atumikire apaulendo m'ngolo zogonamo za sitima ya pamtunda. Malipiro ao anali ocepa, ndipo moyo wao unatsamira pa zimene apaulendo anawaponyera m'manja. M'caka ca 1925 anchitowo anapanga bungwe lao, mtsogoleri wace A. Philip Randolph, kuti amenyere malipiro oyenera. Ngakhale tsopano, lamulo la boma lalikuru la dzikolo lilola mwini nchito kulipira wolandira mphatso zotere madola 2.13 pa ora, muyeso umene sunasinthe ciyambire 1991, pamene wanchito wina salandira ocepera madola 7.25. Nzoona kuti mphatso zikaperewera lamulo liti mwini nchito akwaniritse cotsala, ndipo zigawo zina, monga California, zilamula malipiro athunthu. Komabe m'malo ambiri cakudya ca ana a woperekera mbale cilindira mtima wa mlendo. Ku Britain kunali bvuto lina, lakuti eni nyumba ena anali kudyako mphatso za anchito ao, kufikira lamulo loletsa zimenezi linayamba kugwira nchito pa 1 October 2024.

Tsono tiyenera kulekanitsa zinthu zitatu zimene zifanana m'dzanja koma zisiyana mumtima. Coyamba ndi malipiro. Awa ndi mangawa, ndipo wosawapereka waba thukuta la mnzace. Caciwiri ndi mphatso yothokoza, imene itsata nchito itatha, yocokera mu ufulu wa wopatsa. Cacitatu ndi ciphuphu, cimene citsogola nchito isanacitike, kuti wopatsayo adumphe anzace pamzere. Pamene mphatso ilowa m'malo mwa malipiro, wanchito asanduka wopempha, nayamba kusekerera wacipongwe cifukwa ca njala. Pamene mphatso itsogola, wosauka atsala pambuyo pa khomo la ofesi kapena la cipatala, ngakhale anafika mamawa.

Wina adzati, "Ngati mwambowu uli wopotoka, tileke kupereka konse, kuti eni nchito aphunzire." Ife titi iai. Tikamana woperekera mbale m'dziko limene malipiro ace adalira pa ife, mwini nyumba sataya kanthu, pakuti mtengo wa cakudya walandira kale. Wogona ndi njala ndi wanchitoyo. Cosalungama cotere acikonza ndi malamulo ndi mabungwe a anchito, monga anayesa anthu a Randolph. Kufikira cikonzedwe, wakudya awerengere ndarama yoonjezayo pamodzi ndi mtengo asanakhale pansi, ndipo ngati thumba silifika, adye pocepa mtengo.

Nanga kwathu ticite bwanji? Mnyamata wosenza katundu pamsika, kapena wa kabaza, tipangane naye mtengo poyamba, ndipo timpatse wonse osamnyengerera. Akatisungira bwino katundu pamatope, tingaonjezepo monga mtima ufuna, ndi manja awiri ndi mau a zikomo, osati kumponyera ngati galu. Akulu anati kupatsa nkuika, ndipo mnyamatayo sadzaiwala nkhope yathu. Koma kwa kalaliki wa boma, wapolisi, kapena namwino, amene nchito yao iri ya anthu onse, tisaturutse kanthu kuti atione msanga, cingakhale acicha dzina lokoma lotani.

Mnyamata uja tinamyankha tsiku lina kuti funso lace linaposa samu yathu. Samu itiuza kuti cakhumi ca 40 ndico 4, koma siingatiuze ngati madola 4 amenewo ali mangawa, kuthokoza, kapena cinyengo. Cimeneco munthu ayenera kudzifunsa yekha asanatambasule dzanja lace.