Kutchipa si tchimo, tchimo ndi chinyengo

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri pakati pa oimba m'tauni muno. Akuti woimba weniweni sadandaula za chida, luso lili m'zala. Mawuwa ngokoma m'khutu, ndipo amene amawakonda kwambiri ndi ogulitsa zoimbira. Ndati tiwaunike poyang'ana chida chimodzi, gitala ya besi yamagetsi yotchipa, ija imapachikidwa m'masitolo ku Limbe ndi ku Lilongwe ili phuliphuli, imene makwaya ndi timabandi ta achinyamata timagula titasonkherana kwa miyezi. Funso langa nali: kodi munthu wa ndalama zochepa azingolandira chilichonse n'kuthokoza?

Tiyambe ndi pamene mawu aja akunena zoona. Mu 1961 Paul McCartney adagula besi ya Höfner ku Hamburg pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 30 chifukwa ya Fender sakadaikwanitsa, ndipo ndi besi ya mtundu umenewu imene dziko lidamudziwira m'gulu la Beatles. Kwathu kuno, gulu la Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka linkaimba kwela ndi besi ya nsambo imodzi yomangirira pa bokosi. A Madalitso Band adayambira m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wopanga okha, mu 2017 n'kukaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako ku Ulaya. Ndani anganene kuti nyimbo za anthu amenewa n'zotchipa?

Koma taonani bwino, abale anga. Babatoni sanamiza munthu. Womupanga ndi yemweyo womuimba, ndipo pakalakwika penapake amadziwa pogwira. Besi ya m'sitolo n'njosiyana, pakuti imabwera ndi lonjezo. Zambiri mwa besi zotchipazi zidatengera maonekedwe a Precision Bass imene Leo Fender adatulutsa mu 1951. Dzinalo limatanthauza kulondola, chifukwa timizere tachitsulo ta pakhosi pa gitala tidaikidwa kuti chala chikadina pamalo pake, liwu lituluke lenilenilo. Besi imene singachite zimenezi yaswa lonjezo limene idapangidwira.

Nsambo zinayi za besi zimakoka khosi ndi mphamvu yoposa makilogalamu 60, usana ndi usiku. N'chifukwa chake m'kati mwa khosimo amaikamo kandodo kachitsulo kolimbana ndi kukokako. Thabwa likakhala losauma bwino, kapena kandodoko kakakhala kongonamizira, khosi limapindika, nsambo zimatalikira, ndipo kuti udine pafunika mphamvu za wosula makasu. Timizere tija tikakhala tosapala m'mbali timacheka dzanja. Liwu la pa kamzere ka nambala 12 likasemphana ndi la nsambo yosadina, ngakhale utachuna chotani udzakhala ukukangana ndi wa kiyibodi mpaka nyimbo kutha.

Nanga amavutika ndani? Katswiri ayi. James Jamerson wa ku Motown ankaimba besi ya nsambo zotalikira kwambiri, koma iye adali ndi zala zokhwima ndi khutu lodziwa chimene likufuna. Amene amagula besi yotchipa ndi wophunzira, mtsikana wa m'kwaya kapena mnyamata wongomaliza Fomu 4. Ameneyu sangathe kusiyanitsa vuto la chida ndi vuto la iye mwini. Zala zikatupa, anzake akamamuyang'ana cham'mbali kuti akuononga nyimbo, iye amangoti, "Basi, ine mphatso ndilibe," n'kuisiya. Apa ndiye pagona tchimo. Wopanga uja sadangomudyera ndalama, wamunamizanso za iye mwini, ndipo bodza limeneli munthu amakalamba nalo.

Wina ati, "Mwalipira zochepa, ndiye mumafuna chiyani?" Yankho langa ndi lakuti mgaiwa ndi wotchipa koma ndi chakudya, pamene ufa wosakaniza ndi mchenga ndi umbava, ngakhale augulitse pa mtengo wotsika chotani. Kupanga chida chotchipa chachilungamo n'kotheka. Kampani ya Fender yomweyo mu 1982 idayamba kugulitsa magitala otsikirapo mtengo m'dzina la Squier, opangidwa ku Japan, kenako ku Korea, China ndi Indonesia. Masiku ano makina oyendetsedwa ndi kompyuta amasema makosi mofanana ndendende, motero besi zambiri zotchipa zimaimbika bwino ndithu. Mtengo ukamatsika, zoyenera kutsika nawo ndi utoto, thabwa lapamwamba ndi dzina lotchuka. Khosi lowongoka, timizere tokhala pamalo pake ndi zomangira nsambo zosamasuka zokha, izi wosauka ali nazo ufulu chimodzimodzi wolemera.

Nafenso ogula tisadziyeretse. Kangati komiti ya mpingo imasankha besi chifukwa cha kunyezimira ndi dzina lomata pamutu pake, woimbayo atasiyidwa kunyumba? Timafuna kuti anthu aone kuti tagula, osati kuti mwana aphunzire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chanzeru n'kutenga munthu wodziwa kuimba, ayang'ane khosi ngati lili lowongoka, adine kamzere kalikonse, ailumikize ku ampulifaya amve ngati ikulira yokha ngati njuchi. Ndipo pa ndalama zosonkhazo patsale zina za nsambo zatsopano ndi za mmisiri woti aikonze isanafike m'manja mwa wophunzira.

Choncho mawu aja akuti luso lili m'zala ndiwavomera theka. Ngoyenera kutuluka m'kamwa mwa woimba amene wasankha kusachita manyazi ndi chida chake chosauka. Akatuluka m'kamwa mwa wogulitsa amene akudziwa kuti khosi ndi lopindika, ine ndimagwira thumba langa.